Kashembe sadzatha ndi jekeseni wa Berenil yekha

Ndinakulira ku Nyimba, kumene mwana aliyense amadziwa kuluma kwa kashembe. Ng'ombe ya atate yolimira inayamba kuonda, ubweya kunyankhalala, misozi ili chuchuchu. Tinaibaya Berenil, inadzuka, koma patapita miyezi iwiri inagwanso. Chaka chimenecho tinalima ndi makasu.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva anthu ophunzira akunena kuti kufufuza za RNA ndi mapuloteni m'kati mwa selo ndi ntchito ya maiko olemera. Kachilombo koopsa kwambiri ka kaodzera kamene kamafalitsidwa ndi kashembe, Trypanosoma brucei rhodesiense, kanapatsidwa dzina mu 1910 katapezeka m'magazi a munthu amene anadwalira m'chigwa cha Luangwa chathuchi. Abale a kachilomboka ndi amene akupha ng'ombe ku Petauke.

Selo iliyonse imakopera malangizo a mu DNA n'kuwaika mu RNA, ndipo RNA ndiyo imauza selo mapuloteni oti ipange. Mu 1986, Rob Benne ndi anzake ku Amsterdam anapeza chodabwitsa: mwa tizilombo ta mtundu umenewu, uthenga wina umatuluka wopanda zilembo zokwanira. Gulu la mapuloteni, motsogozedwa ndi tizidutswa ta RNA, limaugwira, kuudula, kulowetsamo chilembo U pamene chikusoweka, n'kuulumikizanso. Ntchitoyi ikaima, kachilombo kamafa. Thupi la munthu kapena la ng'ombe silikonza uthenga mwa njira imeneyi, ndiye apa mpamene mankhwala angamenye mdani osavulaza wodwala.

Zimenezi si maloto. Acoziborole, mankhwala omwa kamodzi kokha amene anayesedwa ku Congo ndi ku Guinea pa kaodzera wa kumeneko, amatseka puloteni ina yodula RNA ya kachilomboka. Yerekezani ndi melarsoprol, jekeseni wakale amene ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 aliyense.

Tizilomboti tili kwathu, ng'ombe zodwala zili m'makola mwathu, ndipo sukulu ya madokotala a ziweto ilipo pa University of Zambia. Magazi a ng'ombe za ku Nyimba ayenera kufufuzidwa ndi ana athu, pa makina athu. Inu aphungu a Petauke ndi Nyimba, mukamakambirana bajeti ku Lusaka, pemphaninso ndalama za ma labotale ndi zolipirira achinyamata athu maphunziro a sayansi imeneyi.