Mashehe Sanatseke Khomo la Maphunziro

Kwa Mkonzi,

Kalata yomwe idatuluka posachedwapa m'nyuzipepala muno, yonena kuti akatswiri a Chisilamu ndiwo amatsekereza kusintha kwa maphunziro a m'madarasa, ikuonetsa kuti mlembi wake sadafufuze mbiri ya nkhaniyi asanagwire cholembera.

Ku Egypt, Muhammad Abduh, yemwe mu 1899 adakhala mufti wa dzikolo, kutanthauza katswiri wopereka zigamulo pa malamulo a chipembedzo, adalimbana ndi taqlid, komwe ndi kutsata maganizo a akale popanda kuwaunika, ndipo adalimbikitsa ijtihad, kugwiritsa ntchito nzeru pofunafuna mayankho a mavuto atsopano kuchokera mu Qur'an ndi Sunna. Iye adakakamira kuti ophunzira a pa sukulu ya al-Azhar ku Cairo aziphunziranso masamu, mbiri ndi jogalafe, ndipo mu 1961 sukuluyo idatsegula nthambi za udokotala, uinjiniya ndi ulimi. Ku India, Sayyid Ahmad Khan adakhazikitsa sukulu ku Aligarh mu 1875, yomwe idasanduka yunivesite mu 1920.

Kuno ku Malawi, makolo ambiri achisilamu a ku Mangochi ndi Machinga ankapewa sukulu za mishoni m'nthawi ya atsamunda poopa kuti ana awo atembenuzidwa, choncho kutsalira kwawo pa maphunziro kudachokera ku mantha amenewo. Mlembi wa kalata ija akadachita bwino kufunsa mmene mashehe angathandizidwire kuphatikiza maphunziro a madarasa ndi a sukulu za boma, m'malo mowapaka mlandu womwe mbiri ikuukana.

Wowerenga wanu,
Mangochi