ZA SAYANSI: Kupha Kacirombo ka Kaodzera ndi Njala

Anthu a ku Libuyu amene kwao ndi ku Chama kapena ku Mambwe amdziwa bwino kashembe. David Livingstone, mwini dzina la mzindawu, anadandaula m'buku lace la 1857 kuti nchenche imeneyi ikutha ng'ombe.

Kacirombo kamene kashembe alowetsa mwa munthu, nikadzetsa kaodzera, kali ndi pofooka pace. Kakakhala m'magazi, mphamvu zace zonse zicokera ku shuga wa momwemo. Mu 1997 Mai Barbara Bakker ndi anzao ku Amsterdam analemba m'kompyuta, mwa masamu, njira yonse imene kacirombo kaphwanyira shugayo. Atawerengera ndi makinawo, anaonetsa mu 1999 kuti cimene cilamulira kwambiri nchitoyi ndico kakhomo kolowera shuga m'thupi la kacirombo. Otseka khomolo akapha ndi njala.

Cobvuta ncakuti nalo thupi la munthu lidya shuga. Koma mu 2017 gulu lao linaona mankhwala otseka khomolo akupha tizirombo, maselo a magazi ndi a ciwindi natsala amoyo. Izi zinacitikira m'nyumba yopimira. Ulendo wocoka kumeneko kukafika ku cipatala ca ku Chama ngwautali ndithu.