Galimoto Ikafera Panjira, Yambani Mwaganiza za Anthu

Amene amayenda mumsewu wotsika kuchokera pa Masasa kupita ku Golomoti amaudziwa mtsetse wa Khwekhwelere. Potsika mabuleki amatentha, pokwera injini imawira. Ife zinatichitikira mu Okutobala wina tikubwerera kuchokera ku maliro ku Mtakataka. Tisanafike ndi pakati pomwe pa chitunda, nthunzi inayamba kutuluka mu boneti. Jeki tinali nayo, masipanala analipo, tayala la sipeya linali lopopa bwino. Koma madzi tinali ndi botolo limodzi lokha, ndipo m'galimoto munali agogo ndi ana awiri.

Tsiku limenelo tinazindikira kuti katundu wathu tinakonzera galimoto, anthu tinawaiwala. Makaniko anafika pa njinga yamoto patatha maola atatu. Galimoto ikhoza kudikira maola atatuwo osadandaula, koma mwana wamng'ono kapena munthu wodwala shuga sangadikire choncho pa dzuwa la kuchigwa.

Choncho masiku ano choyamba kulowa m'buti ndi zigubu ziwiri za malita 5: china cha madzi akumwa, china cha rediyeta. Tinazilemba kuti zisasokonezeke. Pambali pake timaika mapaketi a Thanzi ORS. Akasowa, mu lita imodzi ya madzi abwino sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mtedza wokazinga sulira malo ndipo suwonongeka msanga. Amene amamwa mankhwala a BP kapena a shuga atenge a tsiku lina lowonjezera, ndipo awasunge m'chikwama cha m'manja poti m'buti mumatentha. Chitenje nachonso chisatsale. Chimakhala mthunzi, mphasa, ngakhale chomangira mkono wovulala. Onjezani bandeji, magolovesi ndi sopo.

Injini ikawira, musathamangire kutsegula chitsekerero cha rediyeta. Madzi a mkatimo amakhala opanikizika, ndipo amathovokera kumaso ndi m'manja. Zimitsani injini, dikirani izizire. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pamalopo kwa mphindi 20. Za mankhwala otsukira mano kapena mafuta ophikira pa bala zisiyeni, zimangowonjezera vuto.

Za galimoto ambiri timazidziwa: jeki, wilosipanala, pampu, zingwe zojampira batire, chingwe chokokera, mafyuzi ndi tochi. Chimene ambiri timaiwala ndi kathabwa kokhuthala koika pansi pa jeki, chifukwa m'mbali mwa M5 cha ku Mua ndi Mtakataka dothi ndi lofewa, makamaka nthawi ya dzinja. Pamtsetse tsekani matayala ndi miyala musanakweze jeki, ndipo pochoka miyalayo muichotse mumsewu. Mathirayango awiri aikeni patali ndithu, kutsogolo ndi kumbuyo, makamaka pa kona. Nthambi za mitengo zimene tinazolowera kuyala mumsewu usiku siziwoneka, ndipo pa M5 mathiraki ndi minibasi sizichedwa kufika. Anthu onse atuluke m'galimoto, akakhale kutali ndi tala.

Foni ikhale ndi moto ndi mayunitsi, koma nambala ya makaniko ndi ya m'bale wapafupi muzilembenso papepala. Kandalama ka m'manja kakhalepo, poti m'mapiri muja netiweki imadukaduka. Ndipo ulendo wa Lachisanu nyamukani m'mawa, kuti tayala likaphulika pa Golomoti mukonzetse dzuwa lisanalowe, Sabata likakupezeni muli kunyumba.