Nthawi Yothera pa Siteji

Mwezi uno tikambirane za maulendo athu. Ife okhala m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi tikafuna kupanga ulendo sitiyamba ndi kufunsa kuti, "Kodi ndi kutali bwanji?" Timayamba ndi kufunsa kuti, "Kodi kumeneko kumafika galimoto?" Funsoli likuoneka laling'ono, koma ndilo limagamula zinthu zazikulu m'banja: sukulu imene mwana akaphunzireko, chipatala chimene mayi akachilireko, ndiponso msika umene bambo akagulitseko usipa wake.

Akuluakulu akukumbukira mabasi a United Transport. Mabasiwo sadali ochuluka, ndipo woiphonya basi ankagona pa depoti. Komabe basi idali ndi nthawi yake yolembedwa, kotero munthu ankatha kuuza abale ake tsiku ndi ora lokamuchingamira. Mu 1989 kampaniyo idagulidwa ndi Stagecoach, mu 1997 idasanduka Shire Bus Lines, ndipo patapita zaka ngati khumi nayonso idatsekedwa. Lero maminibasi ndi ambirimbiri, koma minibasi ilibe wotchi. Imanyamuka ikadzaza. Woitanira adzakuuzani kuti kwatsala munthu mmodzi, inu nkukhala m'menemo mpaka dzuwa kufika paliwombo.

Chitsanzo china tili nacho pa madzi. Sitima ya Ilala, imene idayamba ntchito mu 1951 ndipo kwawo ndi ku Monkey Bay, idazoloweretsa anthu ulendo wa kamodzi pa sabata. Kamodzi kokha, koma pa tsiku lodziwika. Apa tiphunzirapo kuti chimene wapaulendo amafunitsitsa si kuchuluka kwa zokwera ayi, koma kudalirika kwake.

Tsono tiyang'ane misewu yathu. Wochokera pa boma kulowera ku Liwonde, kapena kupita ku Monkey Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 60, savutika kupeza chokwera chifukwa msewu ndi wa phula. Wowoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, umene udatsegulidwa mu 2002, nakwera phiri la Chowe kupita ku Namwera ndi ku Chiponde, nayenso amapeza galimoto. Koma wokhotera kumpoto kudzera ku Malindi ndi ku Lungwena mpaka kwa Makanjira, mtunda woposa makilomita 100, ulendo wake ndi wina. Kwa zaka zambiri gawo lalikulu la msewu umenewu lakhala lafumbi m'chilimwe, lamatope m'dzinja, ndipo mitsinje ikadzaza njira yakhala ikuduka. Ena amalolera kuwoloka nyanja pa boti kulowera ku Salima.

Chifukwa chake nchosabisika. Mwini minibasi amawerengera mafuta, matayala ndi malipiro a amakaniko. Kumene msewu umaswa galimoto satumizako yake. Kumeneko kumatsala matola, malole ndi njinga za kabaza, ndipo mvula ikagwa mtengo umakwera. Motero wokhala kutali, amene ndalama zake ndi zochepa kale, ndiye amalipira zambiri.

Zotsatira zake timaziona tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi kapena namwino wotumizidwa kudera lovuta mayendedwe amayamba kupempha kuti amusamutse asadamasule nkomwe katundu, ndipo ovutika ndi ana ndi odwala a kumeneko. Wogulitsa chambo chachiwisi amachitaya pa mtengo wolira pa doko pomwepo, poopa kuti chingaonongeke akudikira galimoto. Mayi woyembekezera amasiya munda ndi ana napita kuchidikiro masiku akadalipo, chifukwa usiku sangapeze chomunyamula. Anthu onsewa si aulesi kapena amantha. Msewu ndiwo wawasankhira.

Pamene tikudikira kuti zinthu zikonzeke, pali zimene banja lingachite.

Choyamba, inu makolo, mwana wobwerera ku sukulu yogonera komweko muzimunyamutsa mmamawa, ndipo mumupatse ndalama yokwanira ulendo wonse ndi ina yapadera. Mtsikana amene ndalama yamuthera panjira dzuwa litalowa amakakamizika kupempha chithandizo kwa anthu osawadziwa, ndipo si onse amathandiza mwaulere.

Chachiwiri, inu anyamata ndi asungwana, musalole kukwera pamwamba pa matumba a nsomba m'lole, kapena kupanikizana atatu pa njinga yamoto imodzi chifukwa choti mwatopa ndi kudikira. Kuthamanga sikufika. Kuchedwa ndi tsiku limodzi kuli bwino koposa kukagona m'chipatala mwezi wathunthu.

Chachitatu, inu amene muli madalaivala, makondakitala ndi akabaza, pakati panu pali ana athu omwe. Muzinena zoona za nthawi yonyamukira ndi za mtengo, ndipo musamatsitse okalamba panjira pamene mudalonjeza kukawatula pa boma.

Chotsiriza, mutu umodzi susenza denga. Pa misonkhano ya chitukuko, pamaso pa mafumu, makhansala ndi aphungu athu, nkhani ya msewu ndi basi tiziitchula pamodzi ndi ya sukulu ndi chipatala, pakuti nyumba yophunziriramo ikhoza kumangidwa bwino, koma popanda njira yofikirako mphunzitsi sadzakhalitsamo.

Tikufunirani maulendo abwino mwezi uno.