TISANGOSEKA CHICHEWA CHA ALENDO M'KANEMA

Pakati pa anthu okonda kanema m'dziko muno pali mkangano umene umati ukazirala n'kubukanso. Mkanganowu unayamba m'chaka cha 2019, pamene kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind anaonetsedwa koyamba pa chikondwerero cha makanema cha Sundance ku America m'mwezi wa Januwale, ndipo pa 1 Malichi anatulutsidwa pa Netflix kuti anthu a m'maiko ambiri amuone. Chiyambire nthawi imeneyo, anthu akangoyamba kukamba za makanema ndi akatswiri a zisudzo, kaya ndi m'basi, ku ntchito kapena pa bawo, nkhani siichedwa kufika pa funso limodzi: kodi n'chifukwa ninji nkhani ya mwana wa ku Kasungu inaseweredwa ndi alendo olankhula Chichewa chopindika? Sabata ino tafuna kuti tiikepo mlomo pa nkhaniyi, pakuti funsoli ndi labwino, koma yankho limene ambiri amapereka ndi loperewera.

Awerengi athu akumbukira kuti kanemayu akusimba za William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kufupi ndi Wimbe, m'boma la Kasungu. Mnyamatayu analekeza sukulu ya sekondale kaamba ka njala ya mu 2001 ndi 2002, imene inachititsa kuti makolo ake alephere kum'lipirira fizi. M'malo mongokhala manja lende, iye anayamba kuwerenga mabuku a sayansi m'kanyumba ka mabuku ka ku Wimbe, ndipo ali ndi zaka 14 zokha anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo, pogwiritsa ntchito njinga ya bambo wake, mapaipi, mitengo ya bulugama ndi zitsulo zotola ku dzala. Mbiri yake inalembedwa m'buku limene iye analemba pamodzi ndi Bryan Mealer mu 2009, ndipo bukulo ndilo linabala kanemayu.

Amene analemba ndi kutsogolera kanemayu ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo ochokera ku Nigeria, ndipo iye yemweyo anasewera ngati Bambo Trywell Kamkwamba. Mbali ya William anasewera ndi Maxwell Simba, mnyamata wa ku Kenya, pamene mbali ya mayi wake anasewera ndi Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal ndi kukulira ku France. Mwa ana a m'dziko muno, amene anapatsidwa mbali yooneka bwino ndi woimba Lily Banda, amene anasewera ngati Annie, mlongo wake wa William. Motero mwa anthu anayi amene anasenza banja la m'kanemamo, atatu anaphunzira Chichewa chifukwa cha ntchito yokhayo.

Amene amadandaula sakulakwa, ndipo tisawatsekereze pakamwa. Chichewa si chinenero chongoloweza pamtima monga ndandanda wa katundu. Mawu akuti mtengo amatanthauza chomera cha m'nkhalango kapena ndalama zogulira chinthu, malinga ndi mmene munthu wakwezera kapena kutsitsira liwu. Chimodzimodzinso mawu akuti khungu, amene angathe kukhala chikopa cha pathupi kapena kusapenya. Ndiponso kupala ndi phala, kutumba ndi thumba, zimasiyana ndi kampweya kochepa chabe kamene mlendo sakamva msanga. Chotero munthu wa ku Wimbe akamva bambo wa m'kanema akudzudzula mwana wake ndi mawu olondola koma kamvekedwe kachilendo, mtima umene unayenera kumva chisoni umayamba kuseka, ndipo mphamvu ya sewero imathera pomwepo. Mzungu wowerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi mwa chithunzi saona vuto lililonse, koma mwini chinenero amaliona. Kunena zimenezi si nsanje kapena mwano ayi, ndi umboni wakuti chinenero chathu timachidziwa ndi kuchikonda.

Komabe mlandu saweruza atamva mbali imodzi. Ejiofor anali ndi njira yapafupi imene anzake ambiri anatsata pojambula nkhani za mu Africa, ndiyo yolankhulitsa anthu onse a m'mudzi Chingerezi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Iye anaikana njira imeneyo. Anabwera kudzajambula kanemayu m'dziko mwathu muno, m'dera limene nkhaniyo inachitikira, anaphunzira Chichewa ali munthu wamkulu kale, ndipo anaonetsa Gule Wamkulu mwaulemu, gule amene bungwe la UNESCO linam'lemekeza mu 2005 monga chuma cha mtundu wa anthu onse. Chifukwa cha khama limenelo, anthu a m'maiko akutali amene sanamvepo liwu limodzi la Chichewa anachimva kwa nthawi yoyamba. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka mlendoyu kanali kobuntha pa katchulidwe, koma kanameta pamene eni mudzi tinali tisanamete.

Tsono funso lenileni limene wokonda kanema ayenera kudzifunsa si lakuti alendowo analankhula bwanji, koma lakuti n'chifukwa ninji anasankha anthu osewera ndi alendo. Yankho lake ndi losabisika. Kujambula kanema kumadya ndalama zambiri: makamera, magetsi, zojambulira mawu, magalimoto, chakudya ndi malo ogona a gulu lonse kwa masabata ambiri, kenaka miyezi yolumikiza zithunzi ndi kukonza mawu. Amene waika ndalama zake amafuna kuti zibwerere, ndipo amasankha nkhope zimene ogula ake akuzidziwa kale. Ndalama za kanema wa Kamkwamba zinachokera kunja, ogula ake ambiri anali akunja, ndipo n'chifukwa chake maina akuluakulu anali akunja. Mwini ng'oma ndiye amasankha gule. Ngati tifuna kuti mawa nkhani ya ku Kasungu idzaseweredwe ndi ana a ku Kasungu, tiyenera kukhala ndi ng'oma yathuyathu, ndipo ng'oma imeneyo saisema ndi pakamwa.

Pasapezeke munthu wonena kuti dziko lino lilibe akatswiri a zisudzo. Kalekale wailesi ya kanema isanatsegulidwe m'dziko muno mu 1999, mabanja ankasonkhana pa wailesi ya MBC kumvera Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Malemu Du Chisiza Jr. anakhazikitsa gulu la Wakhumbata mu 1987 ndipo anadzaza maholo m'mizinda yathu. Malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, amene tinkawadziwa ndi maina akuti Izeki ndi Jakobo, anaseketsa ndi kulangiza mtundu wonse m'Chichewa chenicheni chosasakaniza. Luso la sewero ndi lakale pakati pathu, ndipo silinabwere ndi ndege.

Pa makanema penipeni, ana athu aonetsa kale chamuna pamaso pa maiko ena. Bambo Shemu Joyah, amene ntchito yawo yeniyeni ndi yoyeza malo, anajambula Seasons of a Life, nkhani ya mtsikana wantchito wa m'nyumba amene analandidwa mwana wake ndi abwana ake, ndipo kanemayo anapezetsa Tapiwa Gwaza mphotho ya Africa Movie Academy Awards mu 2010. Mu 2012 anatulutsa The Last Fishing Boat, wosimba za msodzi wa pa Nyanja ya Malawi amene moyo wake wasokonezeka ndi kubwera kwa alendo odzaona malo. Mu 2016 Mayi Joyce Mhango Chavula anapata mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Lagos ndi kanema wawo wotchedwa Lilongwe, amene anasankhidwa kukhala wopambana m'chigawo cha kumwera kwa Africa, ndipo mu 2018 Bambo Joyah anapata mphotho yomweyo ndi The Road to Sunrise. Kanema ameneyu ndiye anali woyamba kutumizidwa ndi dziko lino ku mpikisano wa Oscar, ndipo pambuyo pake anatsatidwa ndi Fatsani wa Gift Sukali, nkhani ya kamtsikana kogulitsa nthochi m'misewu sukulu yake itatsekedwa.

Apa ndipo pagona nkhani yathu. Mwa anthu amene anaseka Chichewa cha Ejiofor, ndi angati amene anatulutsa ndalama m'thumba kuti akaone kanema mmodzi mwa amene tawatchulawa? Chizolowezi chimene chatilowa ndi chakuti kanema wa Mmalawi akangotuluka, timadikira kuti wina atikopere pa lamya ya m'manja kapena pa fulashi, kapena timapita pa kachisakasa ka pamsika kumene mnyamata wa kompyuta amatiikira makanema ambirimbiri ndi ndalama yosakwana kugula ndiwo za tsiku limodzi. Pa ndalama imeneyo, wolemba nkhani, wojambula ndi wosewera salandirapo ngakhale tambala imodzi. Lamulo loteteza umwini wa ntchito za luso lilipo, linakonzedwanso mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likugwira ntchito imeneyi chiyambire 1992, koma palibe lamulo limene lingathe kulondera thumba la munthu aliyense. Wojambula amene wagulitsa katundu wake kuti atulutse kanema woyamba, akapanda kupeza phindu sajambulanso wachiwiri, ndipo wosewera amene tinam'tamanda dzulo amabwerera kukafuna ganyu ina. Tikatero timadabwa kuti alendo akabwera sapeza maina odziwika oti awalembe ntchito. Ife eni ake ndife amene tinawafooketsa.

Tiphunzire kwa anzathu a ku Nigeria, amene makanema awo takhala tikuwaonera m'mavidiyo sho ndi m'nyumba zathu kwa zaka zambiri. Ntchito yawo yaikuluyo inakula kuchokera pa kanema wotchedwa Living in Bondage wa mu 1992, amene anajambulidwa ndi zipangizo zotsika mtengo, m'chinenero chawo cha Igbo, ndi kugulitsidwa pa matepi m'misika. Zithunzi zake sizinali zowala ngati za ku America, koma eni dziko anagula chifukwa anamvamo chinenero chawo ndi kuonamo moyo wawo. Amalonda ataona kuti muli phindu anaikamo ndalama, makanema anachuluka, ndipo osewera anasanduka anthu otchuka mu Africa monse. Nawonso anavutika ndi akuba okopera makanema, koma ogula oona mtima analipo okwanira kuti ntchitoyo iime. Amene anamanga ntchitoyo ndi oonera.

Ena adzati Mmalawi ndi wosauka, ndipo nyumba zoonetseramo kanema ndi zowerengeka. Zimenezi n'zoona, ndipo munthu wa kumudzi amene akusowa ndalama ya feteleza sitingam'dzudzule kaamba kosagula tikiti. Koma amene amatsogolera mikangano ya makanema si iyeyo ayi. Ndi anthu a m'tauni, olandira malipiro pa mwezi, amene amalipira bwinobwino kuti aonere mpira wa ku England ndi makanema a ku America, ndipo sanong'oneza bondo. Kwa anthu oterewa vuto si umphawi, koma mtima wopeputsa cha kwawo. Iwo amaganiza kuti chochokera kunja n'choyenera kulipira, pamene cha mwana wa mnansi n'choyenera kulandira ulere. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Sitikunena kuti kanema aliyense wa m'dziko muno aziomberedwa m'manja chifukwa chabe chakuti ndi wathu. Kutamanda chinthu chosapsa ndi njira inanso yochiphera. Ngati mawu sakumveka, tinene. Ngati nkhani yatalika popanda chifukwa, tinene. Ngati wosewera akukuwa pamene anayenera kulankhula motsitsa, tinene, ndipo titchule malo ake enieni kuti adziwe pokonza. Ndiponso muyeso umene tinayezera alendo tiyezerenso ana athu. Pali makanema ena a Amalawi amene agogo a m'mudzi amalankhulamo Chingerezi, ndipo pali osewera ena obadwira konkuno amene satha kumaliza chiganizo chimodzi cha Chichewa osathiramo mawu achilendo. Ngati tinaseka munthu wa ku London amene anayesetsa kuphunzira chinenero chathu, tidzatani naye mwana wa ku Ndirande amene akuchita nacho manyazi?

Chotero pempho lathu kwa onse okonda kanema ndi ili. Kanema wa Mmalawi akamaonetsedwa m'holo ya kwanuko, pitani mukalipire pakhomo, ndipo mutenge banja lanu. Mnzanu akakupemphani kuti mum'kopere, mukaneni mwaulemu ndi kumuuza kumene angagule. Aphunzitsi akulu a m'sukulu, atsogoleri a mipingo ndi eni maholo agwirizane ndi ojambula kuti makanema athu azifika m'maboma onse mwa njira yolipira, ngakhale pa mtengo wochepa. Eni makampani amene amathandiza mpira ndi nyimbo akumbukirenso luso limeneli. Mukatha kuonera, weruzani momasuka ndi mosakondera, pakuti amene walipira ndiye ali ndi ufulu wodzudzula.

William Kamkwamba sanakhale pansi kudandaula kuti magetsi sanafike ku Masitala. Anatola zimene zinalipo ndi kupanga zimene zinalibe. Nkhani zoyenera kujambula zadzaza m'dziko muno, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo ana odziwa kuzisewera m'Chichewa chomveka alipo. Chimene akudikira ndi oonera amene adzawalipira. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili wojambula sangalisenze yekha.