Akatswiri a Maganizo Afike ku Zipatala za ku Midzi

Mai amene anataya mwana naleka kudya, mnyamata amene wamira m'kacasu, mlimi amene sagona tulo cifukwa ca ngongole ya feteleza: onsewa akudwala, ngakhale thupi silitentha. Kodi apite kuti?

Cipatala ca Chainama mu Lusaka cinatsegulidwa m'caka ca 1962, ndipo cathandiza ambiri. Koma kwa munthu wa ku Chama kapena ku Chadiza ulendowo ngwautali, ndalama zace nzambiri. Cotero ena amamangidwa ndi zingwe m'nyumba, nanenedwa kuti analodzedwa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Lamulo la 2019 la za matenda a maganizo linacotsa lamulo la atsamunda, nilemekeza ufulu wa odwala. Tsono lamulo palokha siliciritsa. Cofunika ndi akatswiri a maganizo pa zipatala zazing'ono, pomwe amai apita ndi ana ku sikelo. Katswiri wotere sabaya nyeleti ai. Amamvetsera, nathandiza munthu kumasula mfundo za mumtima. Angaphunzitsenso anamwino ndi alangizi a zaumoyo kuzindikira matendawa msanga. Nzotheka: ku Harare, kuyambira 2006, Dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo akazi kuceza ndi obvutika mumtima pa mabenchi a pacipatala, ndipo ambiri anapepukidwa.

Inu anyakwawa ndi makomiti a zaumoyo, pemphani nchito imeneyi pa misonkhano yanu. Abale, masulani zingwe, perekezani wodwala ku cipatala.