"Ndi toxic" sikokwanira, tizinena chimene wachita

Asisi, tikayang'ana makomenti ndi mauthenga amene mumatitumizira masiku ano, pali mawu achingerezi amene akubwera pafupipafupi: "toxic", "red flag", "gaslighting", "narcissist". Mtsikana wa ku Ndirande kapena ku Area 25 akafuna kunena kuti chibwenzi chake chavuta, sachedwa kuti "mamuna uja ndi toxic." Ife sitikudana nawo mawuwa ayi, atithandiza kwambiri. Koma tili ndi nkhawa imodzi: nthawi zambiri tikumathera pa mawu omwewo, osafika ponena chimene munthuyo wachita.

Tiyambe ndi komwe mawuwa anachokera, chifukwa mbiri yake ndi yolemera kuposa m'mene timawatchulira.

"Toxic" anachokera ku Chigiriki, ku mawu otanthauza chiphe chopaka pa mivi. Makolo athu chiphe chimenechi ankachitcha ulembe. Ndi chinthu chopha, osati chongotopetsa. Mu 2018, a Oxford anasankha "toxic" kukhala mawu a chaka, chifukwa anthu anali atayamba kuwagwiritsa ntchito pa chilichonse: malo antchito, ndale, maubwenzi.

"Gaslighting" anachokera ku sewero lotchedwa Gas Light limene Patrick Hamilton wa ku Britain analemba mu 1938, lomwe linadzakhala filimu mu 1944 momwe munasewera Ingrid Bergman. M'nkhaniyo, mwamuna amafuna mkazi wake akhulupirire kuti mutu wake sukuyenda bwino. Zinthu zimasowa m'nyumba, nyali za gasi zimachepa kuwala, mkaziyo akanena amauzidwa kuti akungoganiza. Mu 2022, a Merriam-Webster anasankha "gaslighting" kukhala mawu a chaka. "Narcissist" naye anachokera ku nthano yachigiriki ya Narcissus, mnyamata amene anagwa m'chikondi ndi chithunzithunzi chake chomwe m'madzi.

Ubwino wa mawu amenewa ndi woonekeratu. Ambiri a ife tinakula tikuuzidwa kuti nkhanza ndi kumenyedwa basi. Ngati palibe chilonda, ndiye kuti palibe nkhani. Koma mtsikana akamva koyamba za "gaslighting", amadzidzimuka: kani zoti munthu andinamize maso ndi maso kenako n'kundiuza kuti ndine wopenga zili ndi dzina? Kani si ine ndekha? Dzina limapepuza mtima. Pamenepo sititsutsa.

Vuto lake ndi loti "toxic" wasanduka thumba loponyamo chilichonse. Mnzako wapanda kuyankha uthenga pa WhatsApp, ndi toxic. Bwana wakudzudzula chifukwa wachedwa ku ntchito, ndi toxic. Ndiye mamuna amene wakukanyanga pakhosi usiku, nayenso ndi toxic? Mawu amodzi akamanyamula zonsezi, chachikulu chimabisala pakati pa zazing'ono. Womva amangoti "pepa sisi, amuna ndi choncho," osadziwa kuti moyo wa mnzake uli pachiswe.

Ndipo tinene zoona, nthawi zina Chingerezi timachikonda chifukwa sichipweteka m'kamwa. Kunena kuti "ubwenzi wanga ndi wa toxic" n'kosavuta, kumamveka ngati za pa TikTok. Kunena kuti "amandimenya", "anandigwirira", "amandilanda malipiro anga onse mwezi ukatha", mawu ake amalemera, amachititsa manyazi. Koma manyaziwo si athu, ndi a wochita nkhanzayo. Tikawabisa m'Chingerezi chofewa, amene watetezeka ndi iyeyo.

Izi sizikutanthauza kuti Chichewa chilibe zophimba zake. Zilipo zambiri. "Angosemphana Chichewa." "Ndi za m'banja." "Banja ndi kupirira." "Amakukonda n'chifukwa chake amachita nsanje." Azakhali athu ndi ankhoswe akhala akuphimba nkhanza ndi mawu amenewa kwa zaka zambiri. Chomwe tikuopa n'choti ife, amene timati tatseguka m'maso, tingosintha chophimba: iwo ankati "kusamvana", ife tikuti "toxic", koma mikwingwirima ili pomwepo.

Taganizirani komwe mawu athu amayenera kukagwira ntchito. Mukapita ku Victim Support Unit pa polisi, sadzalemba kuti "ndi narcissist." Adzakufunsani kuti anachita chiyani, liti, kuti, kangati, ndani anaona. Mukapita kuchipatala, funso ndi lomwelo. Mukawauza amayi anu kapena agogo kumudzi kuti "ali ndi ma red flag", adzangokuyang'anani. Koma mukawauza kuti "anandiopseza ndi mpeni Lachiwiri usiku," palibe amene angati sanamve.

Malamulo a dziko lathu nawonso amatchula zochita, osati khalidwe la munthu. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 silinena za kumenya kokha. Limatchulanso nkhanza zokhudza kugonana, zozunza maganizo ndi zokhudza chuma, ndipo limalola khoti kupereka chiletso choti wankhanzayo asakuyandikireni. Lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 linaika kuvutitsa munthu ndi zachisembwere, monga kuntchito kapena kusukulu, kukhala mlandu. Lamulo la za pa intaneti la 2016 limaletsa kuopseza, kuvutitsa ndi kulondalonda munthu pa foni kapena pa kompyuta. Ndiye zimene inu mwangozitcha "toxic" mwina ndi mlandu weniweni umene uli ndi chilango chake.

Pali mbali inanso. Tikamatcha aliyense amene watikhumudwitsa kuti "narcissist", kapena kusiyana maganizo kulikonse kuti "gaslighting", mawuwa amasuluka. Munthu kukumbukira nkhani mosiyana ndi inu si gaslighting. Gaslighting ndi pamene akuchita dala, mobwerezabwereza, kuti musiye kudzikhulupirira. Tikawamwaza paliponse, tsiku limene mnzathu adzawafunedi, anthu adzati "ayambanso zawo zija za pa Facebook."

Ndiye pempho lathu ndi ili. Mawu achingereziwa tiziwagwiritsa ntchito, koma akhale poyambira. Mnzanu akakuuzani kuti "ndi toxic", musangomuikira emoji ya mtima wosweka. Mufunseni modekha, muli awiri: "Amakuchita chiyani kwenikweni? Ukumuopa?" Mwina ayankha kuti amangonyada ndipo sasamala, ndiye mukambirane zosiyana naye. Mwina ayankha kuti amafufuza foni yake tsiku lililonse, anamuletsa kucheza ndi abale ake, ndipo anamuuza kuti akadzamusiya adzamupha. Yankho lachiwirili si la makomenti, likufunika kuti mumuperekeze kokapeza thandizo lero lomwe.

Ndipo ngati ndinu amene zikukuchitikirani, yesani kulemba chiganizo chimodzi m'Chichewa, penapake pamene iye sangaone. Osati chimene iye ali, koma chimene wachita, ndi tsiku lake. "Pa 3 anandimenya mbama pamaso pa mwana." "Anatumiza zithunzi zanga kwa anzake." Sungani mauthenga ake, jambulani zilonda. Mukachiwerenga chiganizocho mokweza, mudzamva nokha kulemera kwake, ndipo ndi chomwecho chimene polisi, dokotala ndi khoti angagwirepo ntchito.

Tiuzeni m'makomentimu: ndi mawu ati, achingerezi kapena achichewa, amene mwaona akugwiritsidwa ntchito pochepetsa nkhanza? Ndipo m'malo mwake tizinena kuti chiyani?